Phiri Lopanda Mtsinje

Zimitsani TV-yo, ana inu. Amina, foni iike pansi, sithawa. Yusufu, tuluka kuseri kwa sofako ukhale pano ndizikuona maso, chifukwa munthu wondimvera chakumbali ine sindimukhulupirira. Amayi anu ali pa shifiti mpaka madzulo, bambo anu apita ku mzikiti, ndipo akamabwera akufuna yankho langa. Ndisanawayankhe iwo ndayamba inu, poti mitu imene ikukambidwayi ndi yanu.

Musanamizire kusadziwa. Makoma a mafulati a ku Old Airport kuno, m'dziko lachipululu lino, ndi opyapyala, ndipo makutu anuwo ndimawadziwa. Hotelo yati kontrakiti ya bambo anu siiwonjezeranso. Kuno ntchito ikatha, ID yatha, khalas, basi, nyamulani zikwama. Ndiye muyenera kupita kwina: kwathu ku Mulanje, kapena kwawo kwa bambo anu ku Ngazija, chilumba chija cha ku Komoro chimene mumachiona pa mavidiyo. Kwathu ana ndi akuchikazi. Inu ndinu mbumba yanga, ndipo bambo anu analumbira pamaso pa nkhoswe kuti sadzakuwolotsani nyanja popanda mawu anga. Mawuwo ndi amene akufunika lero.

Inu mwabadwira m'dziko loti madzi amatuluka m'khoma. Ine ndinabadwira m'tsinde mwa phiri. M'mawa ukatuluka m'nyumba, usanaone munthu unkayamba waona Mulanje, ndipo ankakuuziratu za tsikulo. Akavala chipewa choyera, usayanike ufa. Miyezi yozizira kunkabwera chiperoni, kamvula kaja kosagwa kwenikweni koma kosalekanso, kongokunyowetsa mwaulemu mpaka m'mafupa. Tiyi m'minda n'kumasangalala, ife n'kumanjenjemera m'timadiresi ta sukulu. Nanazi tinkadya mpaka lilime kuchita zilonda. Mapeyala ankangogwera agalu. Kalongonda amayi anga ankamuphika kuyambira m'mawa, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, chifukwa ukamufulumizitsa amazunguza mutu. Iwe Yusufu ungadye kalongonda? Iwe woti shawarma ikachepa mayonezi umakwinya nkhope?

Bambo anga ankacheka matabwa a mkungudza pamwamba pa phiri, ndi sowo yokoka anthu awiri, wina pamwamba wina m'dzenje, kenako n'kutsika nawo pamutu. Malaya awo ankanunkhira mtengo umenewo ngakhale uwachape bwanji. Iwowo ndi amene anandiphunzitsa kuti phiri ndi mtsuko: limatunga kumitambo n'kuthira m'mitsinje. Likhubula, Lichenya, Ruo, Thuchila, komanso kamtsinje kathu kakang'ono komwe tinkachapa ndi kukhula zidendene pamwala. Phiri la mvula limakhala ndi mitsinje. Zimenezi sindinachite kumva kwa munthu, ndinakulira m'madzi momwemo.

Agogo anu aamuna atamwalira ndinabwera kuno kudzagwira ntchito m'nyumba ya madamu anga ku Al Nasr. Kuyang'ana uku, kuyang'ana uku, phiri zii! Mphepo imachoka kunyanja itasenza chinyezi, koma ilibe choikhumudwitsa, imangodutsa n'kusiya thukuta pa magalasi. Mtengo uliwonse uli ndi kapaipi kake patsinde ngati wodwala wa diripi. Kukayika ndinaphunzirira kuno. Ndinaona ndi maso anga atsikana athu akulonjezedwa maukwati ndi amuna a m'maiko akutali, mapeto ake bambo ali ndi mkazi ndi ana kwawo, mtsikana akukwera ndege ndi misozi. Kuno aliyense akhoza kunena kuti kwawo ndi mwana wa mfumu. Ukafufuza kwa yani?

Ndiye Tadala wanga, amayi anuwo, atanditsatira kudzayala mabedi ku hotelo, Lachisanu lina akundiuza: "Amayi, pali wina akufuna akuoneni."

"Wa kuti?"

"Wa ku Komoro. Amaphika ku hotelo kwathu. Dzina lake Saidi."

Za Chisilamu sindinadandaule, abale anga a ku Chiradzulu ambiri ndi Asilamu. Chinandiwawa n'chakuti Komoro ameneyo sindinkadziwa ngakhale mbali imene ali. Malume ake a Tadala anali kumudzi, choncho unkhoswe tinabwereka a Makwinja, a sikyulite a ku Phalombe, munthu wachikulire wosaseka wamba. Tinakumana pa kalesitilanti kena cha kuseri kuno. Bambo anu anafika atasita malaya mpaka kunyezimira, naitanitsa tiyi wa karak wa aliyense. Ine sindinamwe. Tiyi wa munthu amene sunamudziwe amafewetsa lilime.

Nthawi imeneyo Chichewa chawo cha m'mphunochi anali asanaphunzire. Ankayankhula Chizungu, Tadala n'kumandithandiza pomwe chandipitirira. Ndinati: "Za malipiro anu ndilibe nazo ntchito. Tandiuzani za kwanu. Mukatuluka pakhomo m'mawa mumaona chiyani?"

"Phiri, Mama," anatero. "Chilumba chathu ndi phiri lokhalokha, lochita kutumphuka m'nyanja. M'mimba mwake muli moto. Nthawi zina limafuka, nthawi zina limalavula phulusa."

Ndinayang'ana a Makwinja. Anangokweza phewa. Mumtima ndinati, chabwino, phiri la moto ndinamvapo. Apitirize, tiona pomwe apunthwe.

Ndipo anafotokoza bwino, ndisaname. Anati mphepo ikachoka m'nyanja imagunda phirilo, n'kukwera, n'kuzizira, n'kukhuthula mvula yonse mbali imene yafikirayo. M'munsi muli kokonati, nthochi, mitengo ya kalafuu wokometsera zakudya, ndi maluwa ena achikasu amene amawatcheza mafuta onunkhira. Ukakwera, nkhalango yakuda bii, mitengo yovala ndere, mtambo ukuyenda pansi pakati pa mitengo. Ukakwererabe, kuzizira, mitengo yafupika yasanduka zitsamba, kenako miyala yokha. Koma kuseri kwa phiri, kumene kuli mudzi wawo, mphepo imafika itafinyidwa kale. Kumeneko udzu ndi wofiirira, kuli milambe ndi mbuzi.

A Makwinja anamenya tebulo. "Ndi zoona zimenezo! Ngati ife a ku Phalombe. Mvula yathu mumatibera inu a ku tiyi, ife n'kumalima nandolo pafumbi. Phiri limodzi, koma ana ake silikonda mofanana."

Ndinawaponda phazi pansi pa tebulo. Nkhoswe wotani wovomera msanga chonchi? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiye ndinaponya funso langa, losavuta, loti ngakhale mwana wa sitandade wani akhoza kuyankha.

"Mvula yambiri chonchi, mtsinje waukulu kwanu dzina lake ndi chiyani?"

"Kulibe mtsinje, Mama."

"Kumudzi kwanu kouma kuja, ndamva. Nanga mbali ya mvulayo?"

"Kulibenso. Chilumba chonse kulibe mtsinje woyenda chaka chonse. Mvula ikagwa makwawa amathamanga kanthawi, ikaleka auma."

Ana inu, ndinaimirira. Ndinamanga chitenje changa bwinobwino. Nkhalango yakuda, mtambo wa pansi, mvula yokhuthuka, koma opanda mtsinje? Ameneyo ndi munthu woti sanapondeko phiri chibadwire, wangoloweza za pa TV n'kuiwala kuikamo madzi. Ndinauza Tadala m'Chichewa chosafuna womasulira: "Wonama pa mtsinje adzanama pa mkazi. Tiye." Tadala sananyamuke. Ndinatuluka ndekha, karak wanga atazizira pa tebulo.

Musandiyang'ane choncho. Ndinali ndi zifukwa zanga, ndipo mwana wanga anali mmodzi yekhayo.

Amayi anu makani anatengera kwa ine. Masabata anadutsa, osabwera Lachisanu, osayankha foni. Meseji imodzi yokha: "Ndikwatiwa, kaya mubwera kaya simubwera." Ndinkasita mikanjo ya bwana maganizo ali kwina. Ndinkaona kuti mwana ndikumutaya, kaya kwa wabodzayo, kaya chifukwa cha pakamwa pangapa. Ndiye ndinati, wabodza sagwidwa pa lesitilanti atasita malaya. Amagwidwa pomwe amagona.

A Makwinja anandilozera vila, nyumba yaikulu ya mpanda, ya ku Bin Omran komwe bambo anu ankakhala ndi anzawo a ku hotelo. Ndinapita masana, dzuwa likuswa mtengo, osauza munthu. Ndinkafuna chithunzi cha mkazi pakhoma, kansapato ka mwana, chilichonse. Geti linali lotsegula. Ndinazungulira kuseri, chifukwa kumaso aliyense amasesa.

Ma-AC oziziritsa m'nyumba aja mukuwadziwa, timapaipi tawo timadontha madzi tsiku lonse. Kuno amangodonthera pansi, palibe amawayang'ana kawiri. Koma kuseri kwa vila ija pansi pa kapaipi kalikonse panali chotchera. Apa ndowa, apo chigubu cha mafuta ophikira chodulidwa, apo botolo. Pakona panali diramu la pulasitiki, ndipo pakamwa pake anamangapo nsalu ya chizimayi, yofiira ya maluwa oyera, yothaitha. Ndinati ehee, ndakugwira! Ndinaimasula n'kuikweza m'mwamba, ndipo nthawi yomweyo bambo anu anatulukira, ali ndi vesiti, chigubu m'manja.

"Nsalu iyi ndi ya ndani?"

Moni sanapereke. Anathamangira diramu lija n'kulivundikira ndi thireyi, maso ali kumwamba ngati kukugwa china chake. Atatero m'pomwe anakumbukira kuti pali apongozi, naweramitsa mutu.

"Ndi ya amayi anga, Mama. Ndi yosefera madzi. Anandipatsa ndikubwera kuno."

Anandikhazika pamthunzi. Chizungu changa ndi cha kukhitchini, koma tsiku limenelo tinamvana. Anati kwawo nyumba iliyonse ili ndi thanki la simenti, lokumbira pansi, ndipo denga lonse limathirira m'menemo. Akumwa, ophikira, osamba, onse ndi a mvula ya padenga. Thanki likauma mvula isanabwerere, mwalira. Phiri likafuka, mayi aliyense amasiya mphika pamoto kuthamangira kukavundikira thanki, chifukwa phulusa likalowamo madzi a chaka chonse aonongeka. Anandionetsa chipsera pakhutu pomwe amayi awo anawakoka ali mwana atasiya chivundikiro chotsegula. Madzi a ma-AC aja ankachapira, kukolopera, ndi kuthirira timitengo ta tsabola m'zitini. Anzawo ankawaseka kuti madzi a pampopi ndi aulere. Anati: "Ndikudziwa, Mama. Koma ndikamva dontho likugwera pansi, sindipeza mtendere."

Ine mwana wa kumtsinje ndimatha kutsuka kapu imodzi mpopi uli chitsegulire. Pakamwa pamanama, koma munthu sangatchere zigubu padzuwa lija tsiku ndi tsiku podikira apongozi amene sakudziwa kuti abwera.

Komabe ndinafunsa: "Nanga mvulayo imapita kuti?"

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mwala wakuda, waukulu ngati buledi, wopepuka, wa timabowo thoo. Anati nthaka yonse ya kwawo ndi yotere, ndi moto wa m'phiri umene unayenda n'kuuma. Mvula ikagwa imalowa pansi nthawi yomweyo, n'kukatulukira m'mphepete mwa nyanja itasakanikirana ndi mchere. Mitengo imamwa yake ikamadutsa, ndipo imakondwa chifukwa phulusa lakale ndi manyowa, koma mtsinje ulibe poyala msana. Anathira madzi pamwala paja, pang'ono chabe, mwaumbombo wawo uja. Analowa onse. Ine ndinati zamatsenga ndinaziona kale ku Limbe. Mwalawo ndinaulanda, ndinakwera nawo basi, n'kukauyesa ndekha m'sinki ya madamu ndi madzi anga. Unamwa. Madamu anandipeza ndikuthirira mwala, anangoti "Ya Allah," n'kubwerera.

Ukwati ndinavomera, koma ndi mfundo ija ya pamaso pa a Makwinja. Ndinati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, koma wokwatayo ndi Tadala, adzukulu anga sanakwate phiri la moto. Adzakulira ku Mulanje, kumene madzi sachita kuvundikira. Ndipo sindinangonena. Zaka zonse zimene ndakolopa masitepe a ku Al Nasr zinalowa m'nyumba ija ya chitseko cha buluu, ija ili pa chithunzi pa fuliji apo. Ndinaimanga pafupi ndi kamtsinje kathu dala, kuti muzigona mukumva madzi. Chipinda chanu chinali choyang'ana kuphiri.

Amina, tachotsa chithunzicho ubwere nacho kuno.

Amayi anu anati ndisakuuzeni, munali aang'ono. Lero mwakula. Nyumba imeneyi kulibe. Chaka china mvula inagwa masiku otsatizana osapuma, phiri linakhuta, n'kung'ambika. Kwathu timati kwadutsa Napolo. Kamtsinje kaja koti tinkawoloka madzi ali m'mawondo kanatsika ndi miyala yaikulu ngati maminibasi. Mng'ono wanga anaimba foni ali pa sukulu pomwe anathawira, akungoti, "Achemwali, palibe, palibe." Nyumba, munda, mapeyala a amayi anga, manda a agogo anu, zonse zili pansi pa miyala. Iye anapulumuka. Anzathu ena a pafupi sanapezeke mpaka lero. Akulu amati madzi saiwala khwawa. Ine ndinakamanga m'khwawa momwemo, chifukwa phiri limenelo ndi lokhalo limene sindinalikayikirepo.

Ndinalira, ana inu. Ndinalira ngati wamasiye kachiwiri. Ndipo chichokereni tsiku limenelo ndakhala ndikugwira mawu anga ngati munthu woti ali ndi kokuikani, chonsecho ndilibe ngakhale khonde. Bambo anu akudziwa. Sanandikumbutsepo ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandikayikitsanso. Munthu wokhala chete chonchi akupanga chiyani?

Lachisanu lapitali anandiperekeza ku metro, kokwerera sitima. Tili m'njira anayamba ndi Chichewa chawo chija: "Mama, ndikupempha mawu anu. Nyumba kwathu yatha. Ndi ya Tadala, chifukwa kwathunso nyumba imakhala ya mkazi, mwamuna amangogonera. Ili kuseri, mbali youma, koma pamtunda, kutali ndi khwawa."

Ndinati: "Nyumba ndi zipupa. Ana anga akamwa chiyani?"

"Thanki ndinayambira ilo, nyumba isanakhale ndi maziko. Kwathu timatero. Mmisiri safunsa zipinda, amafunsa kuti pakamwa ndi pangati, n'kukumba molingana. Langa anakumba la anthu asanu."

Ndinaima pomwepo, pakati pa anthu otsika masitepe. Ndinawerenga pa zala. Saidi, Tadala, Amina, Yusufu. Anayi. Magazi anandikwera kumutu. Zaka zonsezi ndakhala tcheru, ndipo lero wadziulula yekha! Ndinaiwala ulemu wa chipongozi, ndinaiwala kuti kuno sitikuwa pagulu.

"Wachisanuyo ndi ndani? Mwandipusitsa zaka zonsezi eti? Mukufuna mwana wanga akapeze mkazi mnzake atakhala pathanki? Tchulani dzina!"

Sikyulite wa pa siteshoni anayamba kuyandikira. Bambo anu anangoima, manja kumbuyo, akuyang'ana pansi.

"Ndi inu, Mama. Linali la anayi. Chaka chimene munalira pa foni chija ndinaimbira mmisiri kuti aswe mbali imodzi akulitse. Sindinakuuzeni, ndinkaopa kuti muona ngati ndikukuchotsani kwanu. Ndinamuuzanso kuti akumbe mowolowa manja, chifukwa anthu a kumtsinje sadziwa kutseka mpopi."

Sitima inabwera. Ndinalowa osatsanzika. Siteshoni yanga ndinaipitirira, ndinangozindikira ndili kwina, mayi wina wa Chifilipino akundipatsa tishu. Sabata yonse ndayesa kupeza pomwe pali msampha. Ndafunsa amayi anu mafunso mpaka anditopa. Ndaonera vidiyo ya thankilo mobwerezabwereza, ndikuona pomwe simenti yatsopano yakumana ndi yakale. Msampha sindinaupeze. Ndachita manyazi, ndachitanso mantha, chifukwa phiri lofuka ndikuliopa mpaka pano, ndipo ndikafa kutali ndi kwathu. Koma kumene muli inu ndi kumene kwatsala.

Shii! Ndi makiyi amenewo? Abwera. Amina, ndipukute nkhopeyi ndi mpango wanga, asandipeze chonchi. Yusufu, katsegule. Usawasiye ayambe kufunsa, ine mawu andithera. Uwauze kuti agogo avomera, ndipo wachisanuyo akubwera.